Mchenga Umene Wanyamula Nsanja za M'nyanja

Pa mtunda wa makilomita 130 kuchokera ku gombe la Yorkshire, ku England, m'nyanja ya North Sea muli malo otchedwa Dogger Bank. Kumeneko kulibe chilumba, kulibe thanthwe lotuluka pamwamba pa madzi. Munthu akaima m'sitima amangoona madzi okhaokha kufikira pomwe maso alekezera. Koma pakati pa madzi pomwepo paimikidwa makina opanga magetsi ndi mphepo, ataliatali moti phiko likaloza kumwamba nsonga yake imafika mamita 260. Phiko lililonse ndi lotalika mamita 107. Makina amodzi amapanga mamegawati 13, kutanthauza kuti khumi okha angafanane ndi siteshoni yonse ya Kapichira pa mtsinje wa Shire. Magetsi oyamba a kumeneko anafika kumtunda mu Okutobala 2023, ndipo ntchito yonse ikadzatha adzakhala mamegawati 3,600.

Ojambula zithunzi amakonda mapiko oyerawo, ndipo ndi okongoladi. Ine chimene chimandigwira mtima chili pansi, komwe kamera siifika. Kodi chinthu chachikulu chonchi chaima pa chiyani?

Maziko amene afala kwambiri m'nyanja za ku Ulaya mainjiniya amawatcha monopile. Ndi chipaipi chimodzi chachitsulo, chotsegula kumwamba ndi kunsi komwe, cha mamita 8 kapena kuposerapo m'mimba mwake, cholemera matani pafupifupi 1,000. Amachiimika ndi kireni ya pasitima, n'kuchikhomera pansi ndi nyundo ya makina mpaka chitalowa m'nthaka mamita ngati 30. Basi. M'malo ambiri sathira konkire pansi pake, ndipo safika nacho pathanthwe. Chimangoima mumchenga ndi m'dongo, monyowa, mumdima. Tonse tinakula tikudziwa kuti pamchenga samangapo nyumba, koma apa mchenga womwewo ndi umene wagwira chitsulo chimene namondwe wa ku North Sea akulimbana nacho usana ndi usiku.

Kulemera kwa nsanjayo si kumene kumasowetsa tulo akatswiri. Chovuta ndi kukankhidwa cham'mbali. Mphepo imawomba mapiko kumwamba kwenikweni, pamalo otalikirana ndi nthaka mamita oposa 150, ndipo mphamvu yonseyo imatsika ndi nsanja n'kukafuna kupendeketsa mzati pomwe walowera pansi. Mafunde nawo samapuma. Funde limamenya mzati pa masekondi angapo alionse, ndipo pa zaka 25 zimene makinawo amayenera kugwira ntchito, kumenyako kumafika maulendo pafupifupi 100 miliyoni. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Pa zaka zonsezo, nsanja siiloledwa kupendekeka kuposa theka la digiri imodzi, ndipo theka la muyeso umenewo limakhala litapita kale kwa okhoma mzati, chifukwa palibe amene angauimike mowongoka ndendende pakati pa mafunde. Chotsalacho ndicho chimene nthaka imapatsidwa kuti iwononge pa moyo wonse wa makinawo.

Palinso nkhani ya kagwedezekedwe. Chinthu chilichonse chachitali chili ndi liwiro lakelake limene chimapendekera uku ndi uku chikakankhidwa, ndipo ukamachikankha mobwerezabwereza pa liwiro lomwelo, kugwedezekako kumakulirakulira mpaka chitsulo chimatopa n'kuyamba ming'alu. Mapiko a makina aakuluwa amazungulira ka 7 kapena ka 8 pa mphindi, choncho pali kugwedeza kumene kumabwera kamodzi pa masekondi 8. Popeza mapiko ndi atatu, lina limadutsa kutsogolo kwa nsanja pa masekondi awiri ndi theka alionse, n'kuigwedezanso. Nsanja iyenera kukhala pakati pa ziwirizi, izipendekera uku n'kubwerera kamodzi pa masekondi anayi kapena asanu. Chimene chimaika liwiro limeneli si chitsulo chokha. Nthaka ikakhala yofewerapo, nsanja imagwedezeka mochedwa. Ikakhala yolimbirapo, imafulumira. Chitsulo amachidziwa bwino, chifukwa anachipanga okha kufakitale ndipo chili ndi mapepala ake. Nthaka sanaipange iwo. Anaipeza ilipo, ili ndi mbiri yake.

Ndipo mbiri yakeyo ndi yodabwitsa. Mu Seputembala 1931, sitima ya asodzi yotchedwa Colinda inkakoka khoka kufupi ndi gombe la Norfolk. Khokalo linatulutsa chibuma cha dothi lakuda, la zomera zimene zinawola kalekale. Mkulu wa sitimayo, Pilgrim Lockwood, atachiswa ndi fosholo, munatuluka nsonga ya mkondo yokhala ndi mano, yosemedwa ndi dzanja la munthu kuchokera ku nyanga ya gwape wa ku Ulaya zaka zoposa 10,000 zapitazo. Dothi lotero limapangika m'madambo a madzi opanda mchere. Ndiye kuti pomwe sitimayo inkayandama, kale panali pamtunda, ndipo panadutsa mlenje. Asodzi a ku Netherlands ndi ku England akhala akuvuula mafupa ndi mano a njovu zaubweya m'makoka awo kwa zaka zambiri. Mu 1998 katswiri wofukula zakale, Bryony Coles, anatcha dziko lomiralo dzina loti Doggerland, ndipo pambuyo pake gulu la Vincent Gaffney linajambula mitsinje, nyanja ndi zitunda zake pogwiritsa ntchito zimene makampani ofufuza mafuta anayeza pansi pa nyanja.

Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo madzi ambiri a dziko lapansi anali ataundana kumpoto, ndipo nyanja zinali zotsika mamita ngati 120 poyerekeza ndi lero. Munthu akanatha kuyenda wapansi kuchoka ku England kukafika ku Denmark. Madzi oundanawo, okhuthala mamita mazanamazana, ankayenda pang'onopang'ono kuchokera kumpoto akukokolola miyala, kupera matanthwe, n'kumakankha dothi patsogolo pake. Dogger Bank yeniyeniyo ndi mulu umene anausiya. Akatswiri a British Geological Survey ataona zithunzi za m'kati mwake anapeza dongo lopindidwa ndi lokwerana, magawo ena ataimirira m'malo mogona. Atasungunuka madziwo panatsala nyanja zikuluzikulu zimene matope ake anadikha pansi. Kenako panabwera mitsinje n'kukumba zigwa, zigwazo n'kudzadzanso mchenga. Panamera udzu ndi mitengo, panabwera nyama, panabwera anthu. Nyanja inayamba kukwera, ndipo pofika zaka 8,000 zapitazo inali itameza gawo lalikulu la dzikolo. Zonsezi zagona pansi paja mosanjikizana, ndipo mzati wa mamita 30 umaboola zonse. Mzati wina ukhoza kulowa m'dongo louma gwa, mnzake wa pa kilomita imodzi n'kugwera m'khwawa lakale lodzaza matope.

Pali chinthu chimodzi cha dongo chimene chimandichititsa kuima kaye n'kulemekeza Namalenga. Dongo limakumbukira. Akatswiri amadula kachidutswa kozungulira, kokhuthala masentimita awiri, n'kukaika mumphete yachitsulo. Amakasanjikiza katundu, n'kudikira tsiku lathunthu kuti madzi atuluke, mawa n'kuwonjezera wina. Poyamba kadongoko sikafuna kuphwa. Kamangotsika pang'ono zedi, ngati kuti katunduyo kanamuona kale. Koma katundu akafika pa muyeso wina wake, mwadzidzidzi kamayamba kugonja. Muyeso umenewo ndiwo katundu wolemera koposa amene dongolo linasenzapo chiyambire. Arthur Casagrande anaonetsa njira yowerengera zimenezi mu 1936. Choncho munthu ali mulabotale lero, atavala malaya oyera, amatha kuwerenga m'kadongo kokwana m'dzanja kulemera kwa madzi oundana amene anasungunuka anthu asanayambe kulima. Kwina chimene chinalilimbitsa ndi chisanu ndi mphepo youma ya nthawi imene linali pamtunda, ndipo nazonso zinasiya chizindikiro. Kulimba kumeneko ndi kumene lero kwagwira mzati. Zaka zikwizikwi munthu asanaganize za magetsi, nthaka inali ikupondedwa ndi kuumbidwa, ndipo ife tangobwera kudzatsamira pa ntchito yomalizidwa kale.

Kuti aidziwe nthakayi, amayamba ndi kuimvetsera. Sitima imayenda mizeremizere ikutumiza phokoso pansi, ndipo mmene phokosolo likubwerera limaonetsa pomwe mchenga wathera ndi pomwe dongo layambira. Kenako amatsitsa chimango cholemera pansi pa nyanja, ndipo chimakankhira m'nthaka ndodo yachitsulo yosongoka, ya masentimita anayi m'mimba mwake, pa liwiro la masentimita awiri pa sekondi. Njirayi inayambira ku Netherlands m'zaka za m'ma 1930, ndipo amaitcha CPT. Nsonga ya ndodoyo imayeza mmene nthaka ikukanira, mmene ikukhulira m'mbali, ndi mphamvu ya madzi amene ali m'kati mwake. Pena amaboola n'kutulutsa dothi lenileni m'mapaipi, n'kulimata bwino kuti lisaume. Komabe zonse zimene amagwira ndi manja n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi nthaka imene mzati udzadalire. Pomwe ndodo sinafike, pamafika masamu.

Masamuwo amayambira pa njere ya mchenga. Mchenga ulibe chomatira. Njere iliyonse ndi yokhayokha, yosaposa mamilimita awiri, ndipo mphamvu zonse za mchenga zimachokera pa kukhulana kwa njere ndi inzake pomwe zagundana. Akatswiri anayeserapo ndi timikanda toonekera mkati, timene timawala tikapanikizidwa, ndipo anaona kuti katundu sagawidwa mofanana. Amayenda m'mizere yokhotakhota, kuchoka pa njere iyi kupita pa iyo, pomwe njere zambiri zoyandikana nazo sizinyamula kanthu kwenikweni koma kungochirikiza zinzawo kuti zisagwe. Katundu akasintha mbali, mizereyo imasweka n'kupangika ina nthawi yomweyo. Mphepo yowomba phiko kumwamba kuja imakathera pamenepa, pa timalo togundana tosaoneka ndi maso.

Karl Terzaghi, amene amatchedwa tate wa sayansi ya nthaka, anafotokoza m'buku lake la mu 1925 mfundo imene zonse zatsamirapo. Pakati pa njere pali mipata, ndipo pansi pa nyanja mipatayo ndi yodzaza madzi. Katundu amene madziwo anyamula salimbitsa nthaka. Chimene chimailimbitsa ndi gawo lokhalo limene njere zikupanikizana zokhazokha. N'chifukwa chake madzi a mamita 30 amene ali pamwamba pa Dogger Bank, ngakhale ndi olemera chotani, sawonjezera kanthu pa mphamvu ya mchenga wa pansi pake. Ndipo madzi a m'mipata akapanikizidwa mwadzidzidzi n'kusowa kothawira, amalanda katundu yense, njere n'kulekana, nthaka n'kusanduka phala. Zinachitika ku Niigata, ku Japan, pa chivomezi cha mu 1964, pomwe nyumba zosanja zinagona cham'mbali zili zathunthu. Omanga makina a mphepo m'nyanja za ku Taiwan ndi ku Japan amawerengera zimenezi pa mzati uliwonse.

Koma mchenga wothinana umachita zosiyana, ndipo izi aliyense angazione yekha. Mukadzapita kunyanja, kaya ku Senga Bay kaya ku Nkhata Bay, dzayendeni pamchenga wonyowa pomwe funde langobwerera kumene, n'kuyang'ana pansi. Mukaponda, mchenga wozungulira phazi umayera n'kuoneka wouma. Mukanyamula phazi, madzi amabwerera n'kudzaza pomwe munapondapo. Munthu angayembekezere kuti kuponda kufinye madzi atuluke, koma amalowa. Osborne Reynolds wa ku Manchester anafotokoza chifukwa chake mu 1885. Njere zothinana sizingasunthe popanda kukwerana, ndipo zikakwerana mipata imakula, n'kuyamwa madzi a pafupi. Pansi pa nyanja, funde lalikulu likamenya mzati mwadzidzidzi, mchenga wothinana umafuna kufufuma chimodzimodzi, koma madzi sangalowe msanga. Kuyamwako kumakokera njere pamodzi, ndipo kwa kanthawi kochepa komweko mchenga umalimba kuposa mmene unalili. Pa nthawi imene mzati ukufuna thandizo koposa, m'pamene nthaka imaugwira zolimba. Lamulo limeneli silinaikidwe ndi munthu, ndipo ndi limodzimodzi pa gombe la Salima ndi pansi pa North Sea.

Tsono munthu angalembe bwanji zonsezi m'masamu oti kompyuta iwerengere? Njira yakale inachokera kwa Emil Winkler, amene mu 1867 anaganiza zoyerekeza nthaka ndi masipuling'i ambiri oyalidwa mondondozana. Makampani a mafuta atayamba kumanga m'nyanja ya Gulf of Mexico anatenga ganizoli n'kuimika masipuling'iwo m'mbali mwa mzati, kuyambira pamwamba mpaka pansi, lililonse ndi kulimba kwake. Kuti adziwe kulimbako anakhoma mizati yoyeserera ku Texas n'kumaikankha. Hudson Matlock anafalitsa zotsatira za m'dongo lofewa mu 1970, ndipo Lymon Reese ndi anzake anafalitsa za mumchenga wa ku Mustang Island mu 1974. Njirayi, yotchedwa p-y, inalowa m'mabuku a malamulo a zomangamanga ndipo inatumikira bwino kwa zaka makumi angapo. Ndi imenenso inagwiritsidwa ntchito pomwe makina a mphepo anayamba kuchuluka m'nyanja, kuyambira pa makina 80 a ku Horns Rev, ku Denmark, mu 2002.

Komatu mizati ya ku Mustang Island inali ya masentimita 61 m'mimba mwake, yolowa pansi mamita 21. Mzati wowonda ndi wautali chotero umapindika kumtunda kokha, kunsi kwake osamva kanthu. Monopile ndi wonenepa ndi wamfupi, kutalika kwake m'nthaka sikuposa kawirikawiri kasanu kapena kasanu n'kamodzi kunenepa kwake. Amachita ngati chikhomo chomangirira mbuzi: mbuzi ikakoka chingwe, chikhomo sichipindika, chimapendekeka chonse, mutu kutsata mbuzi, nsonga ya pansi n'kukankha dothi cha kumbuyo. Mainjiniya a kampani ya ku Denmark imene lero ikutchedwa Ørsted atayamba kuyeza nsanja zawo zimene zinali kale m'nyanja, anapeza kuti zikugwedezeka mofulumira kuposa mmene masamu ananenera. Nthaka inali yolimba kuposa mmene ankaiganizira. Inkapereka zambiri zimene palibe amene anaziwerengera.

Apa m'pamene panabadwira kafukufuku wotchedwa PISA mu 2013, wa mayunivesite a Oxford, Imperial College London ndi University College Dublin pamodzi ndi makampani omanga. Anasankha malo awiri a pamtunda amene nthaka yake imafanana ndi ya pansi pa North Sea: Cowden, m'mphepete mwa nyanja ku Yorkshire, komwe kuli dongo lolimba losiyidwa ndi madzi oundana, ndi Dunkirk, ku France, komwe kuli mchenga wothinana. Mu 2015 anayesa mizati 28, ikuluikulu yake ya mamita awiri m'mimba mwake. M'zitsulomo anamatamo zingwe zopyapyala zagalasi zoyeza kupindika, n'kumakankha mizatiyo ndi majeki pang'onopang'ono mpaka nthaka itang'ambika kumbuyo kwake. Asanakankhe n'komwe, gulu la Lidija Zdravković linali litawerengera pakompyuta zimene zidzachitike, pogawa nthaka yonse m'tizidutswa zikwizikwi, kalikonse ndi khalidwe lake loyezedwa mulabotale. Zowerengerazo zinayandikira kwambiri zimene nthaka inachita.

Chimene anatsimikiza n'chakuti nthaka imagwira mzati wonenepa m'njira zinayi, pomwe masamu akale ankaona imodzi. Imaukankha cham'mbali, monga ankadziwira kale. Imaukhulanso m'khoma: mzati ukamapendekeka, mbali ina ya khoma imatsika, ina imakwera, ndipo nthaka imakana zonse ziwiri. Kunsi kwenikweni imakaniza phazi la mzati kutsetsereka, ndiponso imalikaniza kutembenuka. Pa mzati wowonda zitatu zomalizazi n'zosanunkha kanthu, koma pa wa mamita 8 ndi mphamvu yaikulu, makamaka m'dongo lolimba. Byron Byrne, Harvey Burd ndi anzawo a ku Oxford anaika zinayizi m'masamu opepuka amene injiniya angawerengere nawo mizati yambirimbiri mosachedwa, ndipo zotsatira zonse zinasindikizidwa m'magazini ya Géotechnique mu 2020. Mizati inayamba kufupikitsidwa, ndipo zitsulo zambiri zimene zikanakwiriridwa pachabe zinapulumuka. Ine ndimaona ulemu waukulu pa ntchito imeneyi. Anthu ophunzira kwambiri anavomera kuti dothi likudziwa zimene iwo sankadziwa, n'kupita kukagwada m'matope a ku Cowden kuti aliphunzire.

Nanga maulendo 100 miliyoni aja? Palibe amene angadikire zaka 25 kuti aone. Ena amayesa ndi timizati tating'ono mulabotale. Vuto n'lakuti mchenga wa m'bokosi supanikizidwa ngati wa mamita 30 pansi, choncho suchita zofanana. Ku Cambridge kuli makina a mamita 10 ozunguza bokosi lonselo mwaliwiro mpaka chilichonse m'katimo chitalemera kuwirikiza ka 100. Zikatero kamzati ka masentimita 8 kamamva zimene mzati wa mamita 8 umamva. Ku Oxford, Christian LeBlanc ndi anzake anagwedeza kamzati mumchenga maulendo zikwizikwi, ndipo mu 2010 anafalitsa zimene ambiri sankayembekezera. Ankaopa kuti kugwedeza kosalekeza kufooketsa nthaka, koma mchengawo unkalimbirako. Njere zinkapeza malo abwino n'kuthinana mozungulira chitsulo. Mzati unkapendekeka ndithu, koma kwambiri kumayambiriro, kenako pang'ono ndi pang'ono. Anapezanso kuti kumene kumaupendeketsa koposa ndi kuukankha mwamphamvu mbali imodzi n'kuubweza ndi mphamvu yocheperapo mbali inayo, kuposa kuukankha mbali imodzi yokha kapena mbali zonse mofanana.

Ngakhale mzati utangoima osagwedezedwa, nthaka siigona. Pa malo omwe aja a ku Dunkirk, Richard Jardine, Fiona Chow ndi anzawo anayesa kuzula mizati yachitsulo imene inakhomedwa pa nthawi imodzi, wina patapita masiku ochepa, ina patapita miyezi. Imene inadikira miyezi ingapo inafuna mphamvu yoposa kuwirikiza kawiri. Palibe amene anaikhudza pa nthawi yonseyo. Njere zimene zinasweka ndi kusokonezeka pokhoma zinkasuntha pang'onopang'ono n'kukumbatira khoma, ndipo dzimbiri linkamata mchenga ku chitsulo. Bala limene nyundo inasiya m'nthaka linkapola lokha.

Choko nacho chili ndi zake. Pansi pa nyanja kufupi ndi Kent ndi Norfolk, komanso m'madera ena a Baltic Sea, muli mwala woyera womwe uja umaoneka m'maphompho a ku Dover. Unapangika zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo kuchokera ku tizigoba ta tizomera ta m'madzi, tating'ono moti zikwi zambiri tingakwane pa mutu wa singano. Tinkafa n'kumagwera pansi ngati fumbi, mibadwomibadwo, mpaka tinaunjikana mamita mazanamazana. M'kati mwa choko muli timipata todzaza madzi, choncho nyundo ikamakhoma mzati, choko chokhudzana ndi chitsulo chimaphwanyika n'kusanduka phala loterera, mzati n'kumalowa mosavuta moti munthu angachite mantha. Pakapita miyezi madzi amachoka, phala lija limauma n'kugwira chitsulo mwamphamvu. Ofufuza a kafukufuku wa ALPACA anayeza zimenezi m'dzenje lakale lokumbamo choko ku St Nicholas-at-Wade, ku Kent. Taganizani: mudzi wina ku England ukuyatsa nyale usiku uno chifukwa tizomera tosaoneka, timene tinakhalako nthawi ya ma dinosaur, tagwira mzati. Mlengi sataya kanthu.

Pamwamba pa nthaka paja, pomwe mzati wakumana ndi madzi oyenda, pamachitika zina. Madzi akagunda mzati amatembenukira pansi n'kuzungulira, akukumba mchenga, ndipo dzenje lake likhoza kuzama kuposa kunenepa kwa mzatiwo. Nthaka ya pamwambayo ikachoka, nsanja imakhala ngati yatalika, ndipo kagwedezekedwe kake kamasintha. Pofuna kuteteza, amathira miyala kuzungulira mzati. Ku Horns Rev anapeza patangopita zaka zochepa kuti miyalayo yatitimira, pena mpaka mita imodzi ndi theka, chifukwa madzi ankayamwa mchenga kudzera m'mipata yake. Ophunzira anabwereranso kukaphunzira. Koma miyala yomweyo, ndi chitsulo chomwecho, sizikhala nthawi zisanapeze eni. Nkhono za m'madzi zimamatirira mpaka khoma losaoneka, nkhanu zimabisala m'mipata, nsomba zimabwera kudzadya. Mu 2014 Deborah Russell wa ku yunivesite ya St Andrews anaonetsa maulendo a nyama za m'nyanja zotchedwa seal zimene anazimangirira zida za GPS. Ku Sheringham Shoal ndi ku Alpha Ventus, zina mwa izo zinkasambira molunjika kuchoka pa mzati uwu kupita pa uwo, zikuima pa uliwonse kusaka chakudya, moti njira zake pamapu zinajambula mizere ya makinawo.

Sindinganene kuti zonse ndi zokoma. Nyundo yokhomera mzati imamenya maulendo zikwi zingapo, ndipo phokoso lake m'madzi limafika makilomita ambiri. Nyama zotchedwa porpoise, zimene zimapeza chakudya ndi njira pomvetsera, zimathawa kutali, ndipo zimene zili pafupi zikhoza kuwonongeka makutu. Dziko la Germany linaika lamulo loti phokoso lisapose madesibelo 160 pa mtunda wa mamita 750, ndipo omanga amayala paipi yobooka pansi kuzungulira mzati n'kupopamo mpweya, kuti thovu lokwera litchinge phokosolo. Lamulo lotero n'loyenera kulikonse, pakuti nyanja inali ndi okhalamo ife tisanafike. Palinso maziko ena osafuna nyundo. Amatsitsa chidebe chachikulu chachitsulo chovundikira, n'kupopa madzi a m'kati mwake kuwatulutsa kunja. Mphamvu ya m'kati ikachepa, kulemera kwa nyanja yomweyo kumachikankhira m'nthaka mwakachetechete. Ku Seagreen, kufupi ndi gombe la Angus ku Scotland, makina 114 aima pa zidebe zotere, ndipo amodzi mwa iwo ali pa madzi akuya mamita 58.6.

Ena mwa makina oyamba a mphepo a m'nyanja, 11 a ku Vindeby ku Denmark, anaimikidwa mu 1991 ndipo anachotsedwa mu 2017. Enanso nthawi yawo ikubwera. Mapiko ndi nsanja adzazitsitsa ndi kireni monga anazikwezera. Mzati ndiye wina. Pambuyo pa zaka 25 za kuthinana kwa njere, za dzimbiri ndi za mafunde, nthaka imakhala itaugwira moti kuuzula wonse kumafuna mphamvu yochuluka zedi, ndipo kungagumule malo amene zamoyo zakhazikikapo. Pa chifukwa chimenechi, mapulani ambiri a makampani akunena kuti mzati udzadulidwa mita imodzi kapena awiri kunsi kwa mchenga, ndipo gawo lotsalalo lidzasiyidwa m'nthaka momwemo.